Liwu la pa Bolodi

Aphunzitsi a Kandido analemba pa bolodi,
choko chikulira ngati khoswe: poliglota.
Anati ameneyu ndi munthu wa zinenero zambiri,
kazembe, woyendetsa ndege,
Chifalansa uku, Chijeremani uko.
Tinakopera m'makope tikumeza malovu.

Ndinalinyamula ngati dzira liwulo
kutsika nalo msewu wa Zobuwe,
kulambalala mathiraki a malasha a ku Moatize
atandanda kudikira chidindo,
mpaka pansi pa lona wong'ambika
pomwe amayi amaotcha nyama ya mbuzi.

Ndinawapeza akukangana m'Chishona
ndi dalaivala wa ku Mutare pa nkhani ya chenje.
Mkangano usanapse anatembenuka
kukalipira mnyamata wa makala m'Chinyungwe,
nkumwetulira wapolisi: bondiya, shefi,
nkuwerengera mzungu wa panjinga
m'Chingerezi chomwe anatola pa mzere wa ufa
kumsasa wa othawa nkhondo,
ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mbale ili pamutu.
Kenako ine, m'Chichewa chosasenda:
Waimiranji ngati chitsa? Kupiza moto.

Ndinakupiza.
Utsi utachepa ndinawapatsa liwu lija.
Poligolota? anatero, akutembenuza nthiti.
Si matenda a pakhosi amenewo?

Ndinafunsa kuti kwathu timati chiyani.
Anapukuta manja m'chitenje.
Apongozi anga ankati wamalilime awiri,
ankati mthirakuwiri,
poti samamva zomwe ndimauza amuna a m'mathiraki.
Kutchalitchi malilime ndi a Mzimu,
amagwa kumwamba, munthu nkugwa nawo pansi.
Angawa sanagwe kumwamba ayi.
Ndinachita kutola limodzilimodzi ngati masuku,
njala ikundilozera mtengo.

Pa chiphaso chawo, pomwe ena amasaina,
pali chala chakuda chokha.

M'mawa mwake anati tipange chiganizo.
Ndinalemba: Amayi anga ndi poliglota.
Kope linabwera ndi mzere wofiira
ndi mawu m'mphepete, opendekeka:
izo si zinenero, ndi tizilankhulo ta kumudzi.
Pezani chitsanzo china.
Ndinalemba za kazembe yemwe sindinamuonepo,
ndinakhoza.

Patapita mwezi, Loweruka la fumbi,
thiraki inapsompsona njinga yamoto ya aphunzitsi
pafupi ndi geti la kasitomu.
Palibe anavulala, koma pakamwa ponse panayaka.
Dalaivala ndi Chishona chake,
wothandizira wake ndi Chisena,
mboni ziwiri za Chinyungwe zikulozerana zala,
aphunzitsi ndi Chipwitikizi chosita bwino
chimene chinkangogwa pansi ngati ndalama yakale.
Wina m'khamumo anafuula:
Itanani a Jenoveva!

Anabwera ndi foloko ya nyama m'manja.
Anatenga mkwiyo wa uyu, nkuuchotsa minga,
nkuupereka kwa uyo.
Chitukwano china anachisiya dala panjira,
ndinamva ndekha, sichinawoloke.
Dzuwa lisanapendeke mtengo wa galasi unamveka,
mametikali anawerengedwa, manja anagwirana.
Aphunzitsi anati obirigadu, mayi,
maso ali pa nsapato zawo.
Amayi anathamangira nthiti zomwe zinayamba kupserera.

Kope lija ndikadali nalo, mzere wofiira unazilala.
Ndafufuza m'mabuku liwu limodzi lathulathu
loti ndiike pambali pa lija la pa bolodi.
Onse amazungulira: wodziwa zakuti, wolankhula zakuti.
Koma pa Zobuwe, mpaka lero,
mawu akakanirira pakati pa anthu awiri
ngati thiraki pa chitunda,
palibe amatsegula buku.
Amatuma mwana kulona wong'ambika uja.
Ndipo mwana wa a Belita, uja amatolera ndalama m'chapa
nkumaitanira anthu m'zinenero zinayi,
anzake amutcha kale Jenoveva,
ngakhale ndi mnyamata.